Mmero wa a Chimkuza

Chimene mwana wawo wamkazi anawapempha a Chimkuza chinali chinthu choti ngakhale kamwana ka zaka zisanu kakhoza kuchita mutakalonjeza switi: kutseka pakamwa kwa mphindi ziwiri zokha.

Linali Lamulungu masana. Mwanayo, amene tsopano anali mayi wa ana anayi, anali atabwera kudzawachapira monga ankachitira sabata iliyonse chimwalirireni amayi ake. Zovala zinali zitauma kale, ndipo iye ankasita khoti loyera limene bambo ake ankavala kuntchito. A Chimkuza anakhala pampando wawo wa pafupi ndi chitseko atatang'adza miyendo, akulondera kolala kuti isapse.

"Ababa," anatero mwanayo osadzutsa mutu, "Lachiwiri ndibwera kuchipatala kwanuko."

"Ukudwala chiyani?" anafunsa a Chimkuza, ndipo nkhuku imene inkasuzumira pakhomo inathawa.

"Tsitsani mawu, ababa. Khomali ndi lopyapyala."

"Apatu ndatsitsa!"

Mwanayo anaimika simbi, nakoka mpando n'kukhala moyandikana nawo, ngati kuti kuyandikirako kuwaphunzitsa kanthu. Anawakumbutsa mmene anavutikira pobereka mwana wachinayi, mmene anatayira magazi mpaka anamwino kuyamba kuthamangathamanga. Adokotala anamuuza mosapsatira kuti mimba yachisanu idzamutenga. Koma ana onse anayi anali aakazi, ndipo mwamuna wake ankafuna mnyamata. Atayamba nkhani yolera kunyumba, mwamunayo analumbira pamaso pa abale ake kuti mkazi wotseketsa m'nyumba mwake sagonamo.

Tsono Lachiwirilo kunkabwera dokotala amene ankafika kamodzi pamwezi kudzatseka amayi osafunanso kubereka, m'chipinda chomaliza cha kumapeto kwa kakhonde ka mkati. Kunyumba mwanayo anali atanena kuti akukaonetsa msana. Chipatala china chinali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu woti sakanaubisa. Ndipo pageti pa chipatala cha pafupichi pankakhala mlamu wake, mlongo wa mwamuna wakeyo, amene ankagulitsa nthochi pamenepo tsiku ndi tsiku, makutu ali tcheru.

"Buku langa lidzadutsa m'manja mwanu, palibe kuchitira mwina," anatero. "Mukadzaliona, musadzaitane dzina langa. Musadzatchule chipinda. Mudzangondiyang'ana n'kugwedeza mutu, ine ndidzadzuka ndekha. Alamu akangomva, ababa, ine ndatha."

A Chimkuza anaona kuti anyozedwa.

"Iwe, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndili pachipatala, lero ntchito undiphunzitse ndiwe? Zinsinsi zimene zili munomu," anadzimenya pachifuwa, "zitati zituluke, mabanja angathe dera lonse lino! Dzina lako pakamwa panga silituluka."

Mawu amenewa anamveka mpaka kumpopi kumene amayi a nyumba zoyandikana ankatunga madzi. Mwanayo anatsinzina pang'ono, kenako anadzuka n'kukamaliza kusita. Ankawadziwa bambo ake, ndipo anali ndi mantha.

Dzina loti Chimkuza analipata kale kwambiri, anthu atatopa kutchula lonse loti chimkuzamawu. Iwo ankalikonda. Munthu wina akanachita nalo manyazi, koma bambowa manyazi anawalambalala ali akhanda. Mulungu pogawa mphatso anawapatsa mmero, ndipo zikuoneka kuti atangolandira anathamanga ndi chimwemwe osadikira zotsalazo.

Sukulu analekezera sitandade faifi. Aphunzitsi ankawakumbukira pa chinthu chimodzi: belu litasweka, ndi iwo ankaima pakhonde kuitana ana kuti alowe m'kalasi. Atakula anakagwira ntchito yoitanira basi kudepoti, kumene ungaganize kuti ndiye kwawo kwenikweni, koma mwini basi anawachotsa patangotha miyezi itatu chifukwa anthu ankakakwera basi ina pothawa malovu ndi phokoso. Kutchalitchi analowa kwaya. Poyamba anawaika mzere wakumbuyo, kenako kumbuyo kwa mzere wakumbuyowo, mapeto ake anawapatsa udindo wolondera njinga panja. Ngakhale ali kunjako besi yawo inkasokonezabe amayi oimba kutsogolo.

Kuchipatala anawalemba ntchito yokolopa, ndipo papepala mpaka lero palembedwa kuti wokolopa. Koma tsiku lina, chaka chawo chachiwiri, namwino amene ankaitana odwala anadzuka mawu atatsekeka ndi chimfine. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuona munthu wa mopu atangoima, nawapatsa mulu wa mabuku a odwala kuti amugwirire tsiku limenelo lokha. Namwinoyo anachira, anakwatiwa, anasamuka, anapuma pantchito, mwina anamwaliranso, koma mabuku aja sanabwerere. Mopu anaisiyira mayi wina wofatsa amene wakhala akukolopa mbali yake ndi mbali yawo zaka zonsezi, akutukwanira mumtima. Khoti loyera linali la wophunzira udokotala wina amene analiiwala pamsomali. A Chimkuza analitola, nasomeka zolembera zitatu m'thumba la pachifuwa, ziwiri zosalemba, ndipo kuyambira pamenepo agogo ochokera kutali ankawagwadira n'kumawatcha adokotala. Sanawakonzepo ngakhale kamodzi.

Ntchito yake ndi yosavuta. Odwala amasiya mabuku awo pawindo la kalaliki n'kukakhala pamabenchi. Kalaliki amasomeka kapepala kosonyeza chipinda. Woitana amatenga buku, kutchula dzina, n'kumulozera munthu njira, basi. Dzinalo lili pachikuto, palibe chifukwa chotsegulira buku. Koma a Chimkuza ankaima pa sitepe ya pakhomo la kakhonde, kunyambita chala, kutsegula buku, kuwerenga milomo ikugwedera, kenako n'kukoka mpweya mpaka mabatani a khoti kufuna kuthothoka. Dzina linkatuluka lonse, kenako chipinda, kenako ndemanga yaulere.

"Chipinda chachitatu, kwa a chifuwa chachikulu! Tsekani pakamwa potsokomola, mutipatsira!"

"Mwabweranso ndi matenda omwe aja, achimwene? Ulendo uno akazi anu mwabwera nawo?"

"Kamtsikana iwe, yunifolomu ya sukulu ndi sikelo ya amayi oyembekezera zikugwirizana pati?"

Anthu ankadzuka atazolika, ena atadziphimba kumaso ndi nsalu. Bambo wina anamva dzina lake katatu, n'kungokhala duu ngati si iye, ndipo anabwerera kwawo ndi nthenda yake. Kuti ndi angati anasiya kudzatenga mankhwala chifukwa cha mmero umenewu, palibe akudziwa. A Chimkuza ankati amenewo ndi anthu opanda mwambo. Chikhulupiriro chawo chinali chakuti munthu wolankhula motsitsa ndi wakuba kapena wabodza, ndipo popeza iwo sanatsitsepo mawu chibadwire, ankadziyesa wolungama kuposa wina aliyense.

Akuluakulu a chipatala anawaitanirapo mu ofesi kangapo konse. Koma kudzudzula a Chimkuza kunali kudziputira zina. Ukanena liwu limodzi motsitsa, iwo ankalibwereza mofuula kuti atsimikize ngati amva bwino, ndipo odwala panja ankamva mlandu wonse, ndi mayina a odandaula omwe. Sisitala wina watsopano anayesa kubweretsa manambala. A Chimkuza anavomera ndi mtima wonse. Ankaitana nambala, kenako n'kuwonjezera dzina ndi chipinda, ati kuti pasakhale chisokonezo. Sisitalayo anagwa ulesi. Ndipo tinene zoona, mabwana ankawasunga chifukwa mzere wawo sunkasokonekera. Anthu amantha salimbirana malo.

Kunyumba zinali chimodzimodzi, kungoti kumeneko kunalibe kothawira. Mkazi wawo anamufunsira ali tsidya lina la msewu, iye ali pamzere wa pampopi ndi anzake, ndipo anthu amati anavomera kuti mnyamatayo angokhala chete. Sanakhale chete. Mayiyo anali wochepa mawu, ndipo anaphunzira msanga kuti chimene wauza mwamuna wake wauza mzere wonse wa nyumba. Mimba zake zonse zisanu bambowa ankazidziwira limodzi ndi anthu a mumsewu, zikayamba kuoneka. Oyandikana nawo ankadziwa mwana amene wakodza pogona, amene walephera mayeso, amene wapezeka ndi kalata ya chibwenzi. Anyamata anayi atangomera ndevu anabalalika, ndipo amaimba foni kamodzi pachaka, foniyo ataigwirira patali ndi khutu. Anatsala wamkazi yekhayu, amene anatengera mtima wa amayi ake, mtima wopirira zopusa.

Ndi mwana yemweyu amene anawapezera liwu la Chingerezi limene ankanyadira nalo kwambiri. Ali fomu wanu, aphunzitsi anaphunzitsa mawu osiyanasiyana onena za kulankhula mokweza, n'kuuza ana kuti aliyense apange chiganizo ndi liwu loti bellow. Mtsikanayo sanavutike kuganiza. Analemba kuti bambo anga amachita zimenezi m'mawa uliwonse. Aphunzitsiwo, amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwawo, anachonga n'kulemba pambali kuti chitsanzo choposa chimenechi palibe. A Chimkuza poyendera makope anaona kuti atchulidwa, nafunsa tanthauzo.

"Ndi kufuula ndi mawu aakulu ochokera pansi pamimba, ababa. Ngati mmene imalirira nkhunzi ya ng'ombe."

"Nkhunzi!" anatero bambowo, nkhope ikuwala.

Aphunzitsi anali atafotokozanso kuti liwulo samunenera munthu pomutamanda, kuti limakhalira munthu waukali amene walephera kudzigwira, kapena nyama imene ikumva ululu, koma mbali imeneyo mtsikana anaisunga. M'mawa mwake chipatala chonse chinamva kuti ntchito ya a Chimkuza ndi yodziwika mpaka kwa Azungu, ili ndi dzina lake m'dikishonale. Tsamba lija analing'amba m'kope n'kulimata pakhoma pamwamba pa wailesi, ndipo linakhala pamenepo mpaka mphemvu zinalimaliza.

Chimene a Chimkuza sanadziwe mpaka lero ndi mmene mkazi wawo anapitira. Mayiyo atayamba kudwala nthenda ya amayi, anapirira chaka chathunthu osapita kuchipatala, poopa kuti buku lake lidutsa m'manja mwa mwamuna wake ndipo mabenchi onse amva chimene chikumuvuta. Ankangomwa mapanado n'kumachapa nsalu zake mobisa. Pamene mwana wamkaziyu ankazindikira n'kuwatengera kuchipatala chakutali chija, madokotala anangopukusa mitu. Bambowa anauza aliyense kuti mkazi wawo anali wamakani, woopa jakisoni, munthu woti mwamuna wake ndi wa zachipatala. Mwanayo anamva zimenezo, n'kumeza, napitiriza kubwera Lamulungu lililonse.

Amenewa ndiye bambo amene anapatsidwa chinsinsi kuti asunge masiku awiri.

Lolemba linali tsiku lovuta. Kawiri konse anapita pawindo la kalaliki n'kunena kuti, "Achimwene, pali zinthu zina zimene munthu umadziwa koma sunganene," ndipo anaima pomwepo kudikira kuti afunsidwe. Kalalikiyo, amene anagwira nawo ntchito zaka zambiri, sanadzutse n'komwe mutu. Anapita kwa mayi wokolopa uja n'kumufunsa ngati akudziwa kuti mawa kubwera dokotala wa chipinda chomaliza. Mayiyo anangowapempha kuti asunthe phazi, akolope. Anapulumuka tsiku limenelo chifukwa choti panalibe wofuna kucheza nawo.

Lachiwiri anadzuka chinsinsi chikuwalemera ngati ndowa yodzaza madzi. Njira yonse anayenda mosamala, milomo ataifinya, ndipo pofika pageti, pamene masiku onse ankapereka moni woti mbalame ziuluke m'mitengo, anangokwezera dzanja mayi wa nthochi uja.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero mlamuyo akuwayang'anitsitsa. "Lero mwadwala kodi?"

"Ndili bwino! Palibe chilichonse! Chingakhalepo n'chiyani?"

Mayiyo anawaperekeza ndi maso mpaka analowa.

Pofika naini koloko mabenchi onse anali atadzaza, ena atakhala pansi motsamira khoma. Kunkatentha, ana ankalira, ndipo kuseri kwa chipatalacho jenereta inali pantchito chifukwa magetsi anali atazima. Mwana wawo anakhala kumapeto kwa benchi yachinayi, mpango atautsitsira pachipumi, manja ali pamiyendo. A Chimkuza ankayesetsa kusamuyang'ana, ndipo kuyesetsako kunkaonekera kwa aliyense amene anali ndi maso. Anaitana mayina khumi ndi awiri, ndemanga zili pomwepo monga mwa masiku onse. Kenako buku lija linafika pamwamba pa mulu.

Apa tiwapatse zawo. Mpweya anali atakoka kale, pakamwa patatseguka, koma anatseka. Anameza dzinalo ngati mbatata yotentha, misozi mpaka kulengeza. Anayang'ana ku benchi yachinayi, nagwedeza mutu kamodzi. Mwanayo anadzuka, nadutsa cham'mbali mwa khoma mwakachetechete, n'kufika pa sitepe. Panangotsala kuti alowe m'kakhonde ndi kuzimiririka. A Chimkuza mumtima anali atayamba kale kudziombera m'manja.

Koma pa benchi yakutsogolo panali mayi wina wa mwendo wotupa, amene anafika kusanache ndipo ankadziwa bwino aliyense amene anabwera pambuyo pake.

"Nanga uyo akulowa bwanji osaitanidwa?" anatero mokweza. "Ife tabwera mbandakucha, tikuuma pano. Kapena pali mzere wa anthu okongola?"

"Zachinyengo basi," anavomereza bambo wina kumbuyo.

"Mwina ndi chibwenzi chawo," anatero wina, ndipo mabenchi awiri anaseka.

Munthu wanzeru akanatani? Akanangotenga buku lotsatira n'kuitana dzina. Mayi wa mwendo akanang'ung'udza pang'ono n'kutopa, monga amachitira odwala onse. Mwanayo anawagwira mkono wa khoti, nanong'ona kuti, "Asiyeni, ababa." Koma m'moyo wawo wonse a Chimkuza anali asanalolepo liwu la munthu kugona osayankhidwa, ndipo apa anali atatchedwa achinyengo pamaso pa anthu awo, pa sitepe yawo, atavala khoti lawo. Za mwana zinachoka m'mutu, munatsala ulemu wawo wokha.

"Chinyengo chake chiti?" anabangula, ndipo ana onse amene ankalira analeka. "Uyu ndi mwana wanga, wobala ndekha ine! Sakulanda malo a munthu, mzere wake ndi wina! Akupita chipinda chomaliza, kukatseketsa! Inu mayi mukufuna kutseketsa nanunso? Ngati mukufuna nenani, ndikulembeni!"

Munangoti zii. Mitu yonse inatembenukira kwa mayi wa mpango, amene anaima phazi limodzi lili pa sitepe. A Chimkuza anayang'ana mabenchi monyadira poona kuti awakhalitsa chete, ndipo mumtima ankati lonjezo asunga, pakuti dzina sanalitchule. Atacheuka kuti amuuze mwana wawo kuti alowe tsopano, anapeza akuwayang'ana ndi maso ouma, a munthu amene watopa kotheratu. Mwanayo anatsitsa phazi lija, natembenuka, n'kudutsa pakati pa mabenchi kulunjika kunja.

Ngakhale apa zinthu zinali zisanaipiretu. Pamabenchi paja panalibe wa kwawo kwa mwamuna wake. Anali anthu achilendo, oti pofika madzulo akanaiwala nkhope yake. Geti linali patali, kutsidya kwa bwalo, ndipo phokoso la jenereta linali litaphimba zonse. Mlamu uja anali kalikiliki kusankhira munthu nthochi, osadziwa kanthu. Mwanayo akanangodutsa, kunena kuti mzere watalika, msana ndidzaonetsa tsiku lina, n'kudzayesanso mwezi wamawa.

Chitseko cha chipinda chomaliza chinatseguka, namwino n'kusuzumira m'kakhonde.

"Bambo, wotsatira ali kuti? Adokotala akudikira. Akanyamuka ndiye mpaka mwezi wamawa."

Apa mantha anawagwira zenizeni a Chimkuza. Anakumbukira magazi aja, anakumbukira mawu a adokotala. Mwana wawoyo ankamukonda, zimenezo palibe angakane. Vuto ndi loti chikondi chawo nachonso chinkatulukira pammero. Anathamangira pakhonde lakunja buku lili m'manja. Mwanayo anali atafika pakati pa bwalo, akuyenda mwachangu, mutu uli pansi. Panali pafupi, poti munthu wa miyendo iwiri akanangothamanga, kumugwira paphewa ndi kumuuza kukhutu. Koma bambowa chibadwire anali asanayendepo kupita kwa munthu amene akanatha kumuitana. Anaima m'mphepete mwa khonde, natukumula chifuwa, n'kukoka mpweya wokwanira kugonjetsa jenereta.

Dzina linatuluka lonse, lake ndi la mwamuna wake.

"Bwerera! Adokotala otseka aja akudikira iwe! Usaope, amuna akowo sadzadziwa!"

Mlonda wa pageti anadzuka pampando. Anthu a njinga kunja kwa mpanda anatembenuka. Mayi wa nthochi anaima phava lili m'manja, nayang'ana kukhonde, kenako n'kuyang'ana mkazi wa mchimwene wake amene anali ataima chilili pakati pa bwalo. Pang'onopang'ono anabwezera nthochi zija m'dengu, navundikira ndi nsalu, n'kutulutsa foni.

Mwanayo sanacheuke. Anaima kanthawi, kenako anatuluka pageti, ndipo mlamu wake anamutsatira pambuyo, foni ili kukhutu.

Masiku otsatirawo a Chimkuza anafotokozera aliyense amene anapezeka pafupi, ndi amene anali patali omwe, kuti iwo sanalakwe. Wolakwa anali mayi wa mwendo uja. Wolakwa anali namwino wowafulumizitsa. Mwanayo nayenso anali ndi mbali yake, chifukwa akanangolowa bwenzi zonse zitatha. Pofotokoza chomwecho nkhani inafika ngakhale kwa amene tsiku lija sanabwere kuchipatala. Anapitako kunyumba kwa mkamwini wawo kuti akakambirane ngati akuluakulu, koma anayambira kukamba ali kumsewu, ndipo chitseko sanawatsegulire.

Mwamuna uja sanamuthamangitse mkazi wake. Bola akanamuthamangitsa. Anangomuletsa kutuluka yekha. Kumsika ankapita ndi mlamu, kutchalitchi ndi apongozi, kwa bambo ake ayi ndithu. Dokotala wotseka uja anabwera mwezi wotsatira, ndi wotsatirawo, n'kumabwerera.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri, Lachinayi lina m'mawa, tsiku la sikelo ya amayi oyembekezera, buku lija linafikanso pamwamba pa mulu. A Chimkuza analizindikira ndi chikuto. Mwa chizolowezi ananyambita chala n'kulitsegula, ndipo anapeza chenjezo limene adokotala analemba nthawi ya mwana wachinayi, la inki yofiira, lodulidwa mizere iwiri kunsi. Chingerezi cha madokotala sankachimva, koma zaka zonsezi zinali zitawaphunzitsa kuti inki yofiira imalembedwa m'mabuku a anthu otani, ndi kuti ambiri mwa mabuku amenewo amasiya kubwera.

Anadzutsa maso. Mwana wawo anali pa benchi yakutsogolo penipeni, mimba ili poonekera, mapazi atatupa mpaka kusefukira m'mapatapata. Kumanja kwake kunali mwamuna wake, manja atapinda pachifuwa, kumanzere kunali mlamu. A Chimkuza anaima buku lili m'manja, mtima ukuwawa kwa nthawi yoyamba pa chinthu chimene anachita okha. Mphindi inadutsa. Anthu anayamba kuyang'anana, kudabwa kuti mdalayu lero watani.

Mwanayo analankhula motsitsa, koma popeza chipinda chonse chinali chete kudikira dzina, aliyense anamva.

"Itanani basi, ababa. Chobisa chinatha."

Ndipo a Chimkuza, popeza china chimene ankadziwa panalibe, anakoka mpweya n'kuitana.